Kuseri kwa Kalata ya Ignasio

Chambiko chinayamba kuwawa sabata yoyamba ya Okutobala, m'chaka cha 1985, mwezi umene ngakhale mbuzi za pa Ngabu zimakana kuchoka pamthunzi.

Jesinta ndiye anali wotsuka pa kafakitale ka mkaka kamene kanali kuseri kwa msika wa thonje. M'mawa uliwonse alimi ankafika ndi zigubu zomangirira panjinga, ena kuchokera kutali kudambo. Mkakawo unkatenthetsedwa ndi nthunzi ya boila, n'kudutsa m'mapaipi kukalowa m'thanki yaikulu yachitsulo chonyezimira, m'mene unkagona mpaka mawa lake kuti ugwirane. Chambiko cha dzulo chikathiridwa m'mabotolo, Jesinta ankavala majombo n'kutsikira m'thankimo ndi burashi. Ankakonda kuimba ali m'menemo, chifukwa mawu ake ankabwerera okulirapo, ngati a munthu wina wolimba mtima kuposa iye.

Kale ankatsukira soda, amene ankamusupula manja. Koma mu Sepitembala lole ya ku Blantyre inabweretsa matumba atatu a ufa watsopano wotsukira. Dalaivala anati muufamo muli tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa maenzaimu, timene timadya mkaka wouma ndi mafuta omatirira pachitsulo, bola madzi akhale ofunda. Zinali zoona. Thanki inkawala ngati kalilole. Jesinta ankatiganizira tinthuto ngati nyerere zoyera zimene zikumugwirira ganyu mwakachetechete, ndipo ankazikonda.

Kenaka chambiko chinaleka kugwirana. Pamwamba pankayandama madzi achikasu, pansi timibulu, ndipo ukalawa lilime linkakwinyika ngati wanyambita ndulu. A Goodwell, amene anali manijala, anayamba ndi kudzudzula alimi kuti ng'ombe zawo zikudya masamba owawa. Anasintha mbewu ya chambiko, kachambiko kakale kamene ankathira mu mkaka watsopano kuti ugwirane. Anauza Jesinta kuti azitsuka kawiri, ufa wochuluka. Kuwawa kunangowonjezereka.

Lachitatu la sabata yachitatu a Goodwell anaitanira Jesinta mu ofesi. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, ikungosuntha mpweya wotentha.

"Khala pansi, Jesinta."

"Ndingoima, bwana."

"Achipatala abweza mabotolo onse. Kusukulu yogonera ana akana kumwa." A Goodwell anapukuta thukuta pakhosi. "Lolemba kunabwera wapampando wa nthambi ya Chipani. Akuti wowononga chakudya cha odwala ndi mdani wa chitukuko. Akufuna dzina Lachisanu masana."

"Dzina la yani, bwana?"

"Amene amamaliza kugwira thanki mkaka usanalowe ndani?"

Jesinta anayang'ana majombo ake. Ankadziwa zimene anthu ankanong'onezana kumsika: kuti banja la a Kaitano, bambo ake, linawoloka kuchokera ku Mozambique iye ali wamng'ono, ndipo anthu a kutsidya sadziwika mtima wawo. Khadi la Chipani anali nalo, ankayenda nalo pa mfundo ya chitenje tsiku lililonse. Koma ankadziwanso kuti dzina likangolembedwa m'kalata yopita ku Chipani, khadi silithandiza. Munthu amatengedwa kukafunsidwa, ndipo ena amabwerako mochedwa.

"Ine sindithiramo kanthu, bwana. Ufa ndi madzi basi."

"Mwina. Ine sindikunena kuti ndiwe." Sanamuyang'ane m'maso. "Koma cha Lachisanu chikawawa, ndilibe dzina lina loti ndipereke. Nanenso ndili ndi ana."

Panja Jesinta anakumana ndi mayi Esinala, amene ankathira chambiko m'mabotolo, mayi wa mawu aakulu amene anagwira ntchito pamenepo kuyambira tsiku lotsegulira.

"Akuuza?"

"Andiuza, amayi."

"Iwowo mantha awagwira mpaka tayi ikuwatsamwitsa," anatero mayi Esinala. "Pita kunyumba ukadye. Munthu salira ndi njala."

Podutsa pa shedi ya boila, Jesinta sanatembenuke. Ignasio, amene ankasonkhezera boila ndi kusunga makiyi a sitolo ya katundu, anali ataima pakhomo, fosholo ili m'manja. Pa ntchito awiriwo sankalankhulana kupitirira moni, chifukwa a Goodwell anachotsapo kale mnyamata ndi mtsikana amene anawapeza akuseka limodzi kuseri kwa mabotolo. Palibe amene ankadziwa kuti sabata zinayi zapitazo Ignasio anabisa kalata m'jombo ya kumanzere ya Jesinta.

Kunyumba Jesinta anapeza amayi ake, mayi Otilia, atakhala pansi pa mtengo wa masawu akumasula nyama ya mbuzi imene anaikulunga m'masamba a papaya. Mbuziyo inali yokalamba, yolimba ngati lamba wa njinga, koma tsopano chala chinkalowa mosavuta.

"Ndikanachedwa pang'ono ikanasanduka phala," anatero mayi Otilia. "Utomoni wa papaya sudziwa kukhuta. Umangodyabe mpaka uuike pamoto. Tandipatsira mpeniwo."

Jesinta anatambasula dzanja. Amayi ake analigwira, n'kulitembenuza.

"Zala zako zatani? Zasalala ngati wakhala ukusenda mapapaya aawisi sabata yonse."

"Ndi ufa wa kuntchito."

"Ufa wodya khungu la munthu? Nanga mkakawo umausiya?"

Mayi Otilia anangonena akuseka, n'kubwerera ku nyama yawo. Koma mawuwo anatsalira m'mutu mwa Jesinta. Sanawauze za Lachisanu. Analowa m'chipinda chake, natenga kabuku ka mapemphero, m'mene munali kalata ija, yopindidwa kanayi. Ankaiwerenga mtima ukalemera, ngakhale kuti mawu onse ankawadziwa pamtima.

"Jesinta, ukamaimba m'thanki, mawu ako amayenda m'mapaipi mpaka ku boila kwanga. Ndimaika khutu pachitsulo ngakhale chikutentha. Sindikudziwa ngati umadziwa kuti pali amene amamva. Ngati sukufuna, ingosiya kuimba mawa, ndipo ndidzamvetsa."

Atailandira kalatayo, mawa lakelo Jesinta anaimba nyimbo zitatu.

Tsopano dzuwa la masana linkalowa pa kazenera, ndipo anakweza pepalalo kuti aone bwino pamene cholembera chinaboola. Kuwala kunadutsa pepala lopyapyalalo, n'kuonetsa mizere yakuda ya kuseri. Ankadziwa kale kuti kumbuyoko kuli zosindikiza za Chingerezi, timalemba tating'ono ngati nthanga za bonongwe. Mapepala anali osowa, ndipo anthu ankalemba pa chilichonse chokhala ndi mbali yoyera. Sanasamalepo za kuseriko. Koma tsopano anaona chizindikiro pakona: dontho la madzi mkati mwa bwalo. Chizindikiro chomwecho chinali pa matumba a ufa.

Anatembenuza pepalalo. Chingerezi chake chinali cha Sitandade 8, ndipo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Sungunulani ufa m'madzi ofunda. Tsukani. Tsukuluzani. Mpaka pamenepo ndi zimene ankachita tsiku lililonse. Koma panali ndime yachinayi, yozunguliridwa ndi mzere wakuda. Inkati madzi okha sachotsa maenzaimu onse: ena amatsalira m'makona, m'mapaipi ndi pa malabala a mavalavu otsekera mapaipiwo, akadali ndi mphamvu, ndipo mkaka wofunda ukafika amaudya, n'kuuwawitsa. Kuti mphamvu yawo ithe, pazungulire madzi osakaniza ndi asidi amene anatumizidwa pamodzi ndi ufawo, kapu imodzi pa ndowa ziwiri, kwa mphindi khumi ndi zisanu. Kenaka tsukuluzani mpaka kapepala koyezera kaleke kufiira.

Jesinta anakhala pa mphasa, pepala lili pamaondo. Nyerere zake zoyera sizinkachoka ntchito ikatha. Zinkabisala, kudikira mkaka. Ndipo pamene a Goodwell anamuuza kuti awonjezere ufa, iye ankangoziwonjezera.

Asidi ankamudziwa. Zigubu ziwiri zabuluu zinabwera pa lole yomweyo, ndipo a Goodwell anati zatumizidwa molakwika, n'za mabatire a mathirakitala, zikhale m'sitolo mpaka lole idzabwerenso. Analetsa aliyense kuzigwira.

Mtima unayamba kupepuka, kenaka unalemeranso. Kupereka pepalalo kwa a Goodwell kunali kupereka dzina lina m'malo mwa lake: dzina la munthu amene anachotsa malangizo m'thumba, n'kulembapo za chikondi.

Lachinayi Jesinta anafika kuntchito alimi asanayambe kubwera. Ignasio anali atagwada akuyatsa moto wa boila. Jesinta anaima pakhomo la shedi, malo amene anali asanaimepo.

"Pepala lija unalitenga kuti?"

Ignasio anadzuka msanga, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Liti?"

"Uli ndi makalata angati amene unabisa m'majombo a anthu?"

"Imodzi yokha, iwe. Ndinalipeza pamwamba m'thumba loyamba la ufa. Linali loyera bwino kumbuyo. Ndinafuna kope kumsika, koma masamba ake anali achikasu, ndiye ndinati kalata yoyamba isakhale pa pepala lonyansa." Anasasa phulusa m'manja. "Bwanji?"

Jesinta anamupatsa, mbali yosindikiza ili pamwamba, n'kuloza ndime yachinayi. Ignasio anawerenga milomo ikugwedera. Atafika kumapeto anakhala pa mulu wa nkhuni ngati wina wamukankha.

"Ndine ndakupha," anatero motsitsa mawu. "Sabata zitatu anthu akukuloza chala, chonsecho ndine. Ndikupita kwa bwana pompano."

"Ukanene chiyani? Iwo akufuna dzina, osati pepala. Ukangotsegula pakamwa alemba lako, chambiko n'kukhalabe chowawa."

"Bola langa."

"Nkhabe," anakana Jesinta m'Chisena cha kunyumba kwawo. "Tiyambe taona ngati pepalali likunena zoona. Cha mawa chikagwirana, palibenso dzina lofunika. Makiyi uli nawo?"

Ignasio anagwira makiyi m'thumba. "Ukudziwa kuti wina akatipeza tikuthira asidi m'thanki ya mkaka, sabata ino, aziti chiyani?"

"Ndikudziwa."

Anadikira mpaka chambiko chowawa cha dzulo chitatayidwa kudzenje, a Goodwell atakwera njinga yamoto kupita kupositi monga ankachitira Lachinayi lililonse. Jesinta anatsuka thanki ndi ufa, osaimba. Ignasio anabweretsa chigubu chimodzi chabuluu atachiphimba ndi chiguduli. Pakhosi pake panali kathumba komangirira ndi waya, m'mene munali timapepala toyezera tija. Timapepalato tinakhala pamenepo mwezi wathunthu popanda wofunsa ntchito yake.

Anadzaza ndowa ndi madzi kaye, chifukwa pepalalo linachenjeza kuti asidi ndiye athiridwe m'madzi, osati madzi mu asidi. Ignasio anavala magolovesi ake a ku boila, n'kupendeketsa chigubu pang'onopang'ono. Fungo lakuthwa linawalasa m'mphuno. Kapu inali itangodzaza pamene chitseko chinalira.

Anali mayi Esinala, atanyamula kireti ya mabotolo. Anayang'ana chigubu, anayang'ana kapu, anayang'ana thanki yotsegula. Anatsitsa kiretiyo pansi bwinobwino, botolo ngakhale limodzi osagunda linzake.

"Ana inu," anatero. "Ndiuzeni kuti maso anga akalamba."

"Amayi, si zimene mukuganiza," anatero Jesinta. "Ufa uja umatsala m'mapaipi. Uli ngati utomoni wa papaya pa nyama, sukhuta. Ichi ndi chozimitsira mphamvu yake. Zalembedwa apa."

"Ine Chingerezi ndinachisiya kwa asisitere." Komabe analandira pepalalo, n'kulitembenuza, monga amachitira munthu aliyense. Kumbuyoko kunali Chichewa. Anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, n'kukweza maso kwa Ignasio, amene anali atagwirabe kapu ya asidi ngati kandulo ya m'tchalitchi.

"Iwe, ndiye chifukwa chake khutu lako lakumanja limakhala lofiira?"

Ignasio anaika kapuyo pansi, n'kugwira khutulo.

"Ine ndimati ndi matenda." Mayi Esinala anabweza pepalalo kwa Jesinta. "Ukunena kuti zikatha apa mutsukuluza mpaka asidiyo atheretu?"

"Katatu, kapena kanayi. Timapepala iti tikuuzani."

"Ndipo chikagwirana mawa, bwana adziwa bwanji kuti ndi chifukwa cha zimenezi? Aziti mfiti yachita mantha." Mayi Esinala anatenga kachigubu kakang'ono ka mkaka pa shelefu. "Aka katsuke ndi ufa wokha, monga kale. Tithiremo mkaka womwewo, mbewu yomweyo. Mawa zilankhule zokha. Ine ndikhala pakhomo, ndikusanja mabotolo mwaulesi."

Ignasio analiza pampu. Madzi a asidi anayenda m'mapaipi, kulowa m'thanki, kubwereranso. Jesinta anamasula malabala a mavalavu n'kuwanyika m'ndowa padera. Wotchi ya pakhoma inkayenda ngati nayonso yatopa ndi kutentha. Pa mphindi ya khumi anamva njinga yamoto kumsewu, ndipo onse atatu anaumirira pomwe anali. Inadutsa, kulowera cha ku Nsanje.

Atakhetsa madziwo anatsukuluza koyamba. Jesinta anaviika kapepala pa madontho a pa valavu: kanafiira ngati tsabola. Kachiwiri kanafiira pang'ono. Kachitatu kanasintha mosaoneka bwino, ndipo Ignasio anati zakwana, koma Jesinta anapukusa mutu. Kachinayi kapepalako kanatuluka monga kanalowera. Anakaonetsa mayi Esinala, amene anatapa madzi a pa valavuwo m'dzanja, n'kulawa.

"Madzi a pa mjigo," anatero. "Bwezani chigubucho."

Pamene a Goodwell ankabwerera, mkaka wa tsikulo unali utalowa kale m'thanki, chivundikiro chitatsekedwa. Kachigubu kaja kanali pakona, kataphimbidwa ndi nsalu yonyowa.

Lachisanu Jesinta anavala diresi yake ya Lamulungu pansi pa epuloni, osadziwa chifukwa chake. Mwina ankafuna kuti ngati atengedwa, atengedwe akuoneka bwino. Panjira anaona zinthu zimene sankaziona masiku onse: mlambe wa pa mphambano, ngolo ya thonje lotsalira, mayi wogulitsa nsomba zouma akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Zonse zinkaoneka ngati zikumutsanzika.

A Goodwell anali atafika kale, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Pa thumba la jeketelo pankaonekera nsonga ya envulopu yopita kwa wapampando. Mayi Esinala anaima ndi chikho, Ignasio ali pakhomo.

"Tsegula," anatero a Goodwell.

Jesinta anakwera pa kamakwerero, n'kumasula zomangira. Manja ankaterera. Anakweza chivundikiro, koma sanayang'ane msanga. Anayamba wamva fungo: lowawasa pang'ono, loyera, fungo limene anali ataliiwala. Atatsegula maso anaona pamwamba posalala, poyera, popanda dontho la madzi achikasu. Mayi Esinala anamiza chikho, ndipo dzenje limene chinasiya linakhala choncho, osatsekeka.

A Goodwell analawa.  Analawanso, kenaka anamwa chikho chonse, chambiko chikutsalira pa ndevu zawo.

"Chagwirana," anatero, ngati akuuza munthu amene sali m'chipindamo.

"Lawaninso aka, bwana," anatero mayi Esinala, akuvundukula kachigubu kaja. "Mkaka womwewo, mbewu yomweyo."

A Goodwell anaviika chala, n'kuchiika pa lilime, ndipo nkhope yawo inakwinyika. Analavulira mu ngalande.

"Kusiyana kwake n'chiyani?"

Jesinta anatsika pa makwerero.  "Thanki tinaizunguliza asidi wa m'zigubu zabuluu, bwana, titatha kutsuka. Kachigubuka ayi."

"Asidi wa mabatire? M'thanki yanga?"

"Si wa mabatire. Anabwera ndi ufa, kuti azipha mphamvu ya ufa wotsalira."

"Wakuuza ndani zimenezo?"

Jesinta anatsegula pakamwa, koma Ignasio anali atalowa kale, chipewa chili m'manja.

"Zinalembedwa pa pepala la malangizo, bwana. Linali m'thumba loyamba. Ndinalichotsa ndine, osaliwerenga. Cholakwa n'changa. Jesinta ndiye walipeza."

"Unalichotsa kuti ukatani nalo? Kukulungira fodya?"

"Ayi, bwana."

"Lili kuti?"

Jesinta anamasula mfundo ya chitenje. Pepalalo linali pamodzi ndi khadi la Chipani. Analipereka mosamala, mbali yosindikiza ili pamwamba, koma a Goodwell polifunyulula analitembenuza. Anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza ndi mawu awo a mu ofesi.

"Jesinta, ukamaimba m'thanki, mawu ako amayenda m'mapaipi mpaka ku..." Anaima. Anayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Malangizo ake ndi amenewo, bwana," anatero mayi Esinala. "Ndime yachiwiri ikunena za khutu."

Jesinta analakalaka atalowa m'thanki n'kudzitsekera. A Goodwell anatsokomola, natembenuza pepalalo. Anawerenga mbali ya Chingerezi mwakachetechete, mpaka ndime yozunguliridwa ndi mzere wakuda. Anaiwerenga kawiri. Kenaka anavula magalasi, n'kuyang'ana ku sitolo kumene kunali zigubu zabuluu, ndipo anakhala akuyang'ana kumeneko nthawi yaitali.

"Amene ananena kuti n'za mathirakitala ndine," anatero pomaliza. "Amene ananena kuti uwonjezere ufa ndinenso."

 Kunja njinga yoyamba ya mlimi inaliza belu.

A Goodwell anasolola envulopu ija m'thumba. Sanaitsegule. Anapita nayo ku shedi, ndipo onse anamva chitseko cha boila chikutsegulidwa, n'kutsekedwanso. Atabwerera anali atavula jekete, ndipo ankaoneka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni pambuyo pa ulendo wautali.

"Mayi Esinala, mundidzazire mabotolo awiri. Ndikapereka kwa wapampando, alawe yekha. Ndikamuuza kuti panalibe dzanja la munthu, inali njira yotsukira mankhwala atsopano, ndipo taikonza." Anatembenukira kwa Ignasio. "Iwe, bwera ndi hamala ndi misomali inayi."

Anasankha malo pa thabwa la pakhoma, pafupi ndi thanki, pamene wotsuka aliyense angaone. Anayala pepalalo, Chingerezi chikuyang'ana kunja.

"Bwana," anatero Jesinta motsitsa mawu, "ndi kalata yanga."

"Ndi katundu wa fakitale, mwana wanga. Mbali iyi ndi yathu tonse. Inayo liziwerenga khoma." Anagwira kona yoyamba. "Khoma, Ignasio. Ndipo lamulo langa la anthu oseka kuseri kwa mabotolo silinathe. Ngati uli ndi mawu, tuma ankhoswe kwa a Kaitano ngati munthu wamkulu. Mapaipi anga ndi a mkaka."

Ignasio anakhoma misomali inayi, koma wachitatu unapindika, ndipo anayambiranso.

A Goodwell atanyamuka ndi mabotolo awo, mayi Esinala anakhala pa kireti n'kuseka mpaka misozi, akupukuta ndi nsonga ya chitenje. Jesinta anafuna kuseka nawo, koma m'malo mwake anangopuma mpweya wautali, woyamba wathunthu kuyambira Lachitatu. Anamva kutentha kwa tsikulo, phokoso la alimi akukangana za mzere, njala. Anatenga chikho, natunga chambiko, n'kumwa ataimirira.

Ignasio anayandikira, hamala ikadali m'manja. Kwa nthawi yoyamba sanayang'ane uku ndi uku.

"Amalume anga ali ku Mbenje," anatero. "Ndikhoza kupalasa Loweruka. Lamulungu angafike kwanu."

"Uyambe wandibwezera kalata yanga."

"Ndilemba ina. Pa pepala la kope, ngakhale lachikasu."

"Uliyang'ane kaye kuseri."

"Mbali zonse ziwiri," anatero Ignasio, akugwira khutu lake lofiira lija.

Chambiko chitatha kuthiridwa m'mabotolo, Jesinta anavala majombo, atayamba wagwedeza ya kumanzere ngati mungagwe kanthu. Anasungunula ufa m'madzi ofunda, anakonzeratu ndowa ziwiri ndi kapu ya asidi pambali. Podutsa pa thabwa lija anaika chala pa pepalalo, pakati, pamene ankadziwa kuti kuseri kwake kuli mawu oti pali amene amamva. Kenaka anatsikira m'thanki n'kuyamba kuimba.